Mazira a Nkhuku ya Lily

Bangwe,
Limbe.

Amayi anga okondedwa,

Kuno kwatentha kuyambira m'mawa, ndipo tsopano dzuwa lapendeka koma mphepo palibe. Mitambo imasonkhana pamwamba pa phiri masana, kenaka imabalalika osagwetsa kanthu. Anthu akudandaula kutentha. Ine sindidandaula nawo, chifukwa iwo sanagonepo kwathu ku Maseya mwezi ngati uno.

Kodi muli bwanji, Amayi? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga Ababa, atha kusosa kumunda? Achemwali a Dorika, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera kalatayi. Chonde muziwerenga pang'onopang'ono, osadumpha mawu. Ife kuno tilipo, sitikudwala. Ndimadya, ndimagona, ndimadzuka.

Chibwerere kuno titaika mwana wanga Lily m'manda sindinakulembereni. Si kuti ndinakuiwalani. Ndinkatenga pepala n'kulibwezanso m'sutikesi. Anthu a pano amandiitanabe kuti make Lily, ena akatero amagwira pakamwa. Sabata yatha mnyamata wa Yufi, gulu la achinyamata a chipani, amene amaona makadi a chipanicho pachipata cha msika anandifunsa kuti kamayi ka kumsana kaja ndakasiya kuti lero. Ndinamuonetsa khadi langa n'kulowa.

Nkhani ya kuno ndi chitopa. Chinayamba kumtunda kwa mpope, ndipo chinkatsika nyumba ndi nyumba. Nkhuku zimangoima mapiko ali pansi, khosi litapindika, m'mawa zafa. Mkamwini wanu a Lorenso anati zathu tisadikire kuti zigwidwe, tiziphe zikadali zamoyo bwino. Anapangana ndi mayi wina dzina lake a Esinala, amene amaphika chakudya cha anthu aulendo pa siteji ya basi. Mayiyo anati azitenga zingapo m'mawa uliwonse, koma akufuna zososola kale ndi zotumbula, chifukwa alibe malo ochitira zimenezo.

Vuto linali wopha. Mukudziwa kuti kwathu mkazi sagwira mpeni pakhosi pa nkhuku. Mumaitana mwamuna, aponde mapiko ndi miyendo, adule, inu n'kulandira. Koma a Lorenso amalawirira kuntchito kwawo ku njanji kusanayere, ndipo nyama yogona siifika masana ndi kutenthaku. Ndinati nanga titani. Anati andipangira malo oti ndizitha ndekha.

Anayamba Loweruka masana kuseri kwa nyumba. Sanagule kanthu kupatula misomali. Anazika mtengo wa bulugama wofika pachifuwa panga. Anatenga chitini chakale cha palafini, anachidula, n'kuchipinda kuti chikhale chachikulu kumwamba, chaching'ono kumunsi, ngati fanulo. M'mphepete mwake anapindamo ndi hamala kuti chisandicheke, n'kuchikhomera pamtengopo. Nkhuku mumailowetsa chadodolido, mutu umatulukira pabowo la kumunsi, thupi limatsala m'kati. Siikupiza mapiko, siithamanga yopanda mutu pabwalo monga zimachitira kwathu. Pansi pake anakumba dzenje la magazi ndi nthenga, ndipo ndikamaliza ndimawazamo phulusa chifukwa cha ntchentche.

Pambali anaika theka la mgolo pa njerwa, lotenthetsera madzi. Tebulo anapanga ndi chitseko chakale cha khola, anachipala ndi galasi losweka mpaka chinayera. Anamanganso waya kuchokera pamtengo kufika pakhonde, wopachikapo zomwe ndatsuka kuti agalu asafikire.

Ntchitoyi ikanatha tsiku limodzi, koma anaigwira mpaka Lamulungu madzulo, ndi kutchalitchi komwe sanapite. Amakhoma, amazula, amakhomanso. Chibwerere kumudziko sayankhula zambiri, ndipo dzina la mwana anali asanalitchulepo. Ine ndinkawagwirira misomali. Tinakhala limodzi choncho kuposa masiku onse apitawa, koma mawu athu anali a patse hamala, gwira apa, basi.

Tsiku loyamba a Esinala anabwera ndi beseni lawo nandipeza ndangoima, mpeni uli m'manja. Anaseka, anati anamva kuti akazi a ku Chikwawa amachapa zovala ng'ona ikuwayang'ana, nanga tambala akundiopsa ndi chiyani. Anati ndikachedwa anthu a basi ya ku Mulanje adya nsima ndi mchere, ndipo adzawauza kuti akadandaule kwa ine. Ndinalowetsa tambalayo m'chitini, ndinagwira mutu, ndinadula. Ndinkayesa kuti ndichita mantha kapena nseru. Sindinamve kanthu, Amayi. Zinali ngati ndikudula chigwada.

Poyamba ndinalakwitsa madzi. Anawira kwambiri, khungu linasupuka pamodzi ndi nthenga. A Esinala anati imeneyo yavula malaya, adzaibisa pansi pa mphika. Anandiuza kuti madzi akangoyamba kuimba ndizichotsa nkhuni, ndiviike, ndiyese nthenga ya phiko. Ikazuka mosavuta ndiye kuti zatheka. Kuyambira pamenepo sindinaonongenso. Zipalapasiro ndi mitu ankandisiyira.

Khola linkachepa m'mawa uliwonse, mpaka munatsala imodzi. Ndi thadzi lofiira lija munapatsa Lily tsiku lomwe tinamutulutsa m'chikuta, likadali kamsoti. Munanena pamaso pa anthu kuti imeneyi ndi ya mwana, siidyedwa ngakhale kubwere mlendo wotani. Munati anapiye ake tidzasinthe mbuzi, ndipo mbuziyo idzamuphunzitsa sukulu kupitirira pamene ndinalekezera ine. Atayamba kuyenda ankaithamangitsa pabwalo pano. Ankagwa, n'kudzuka, n'kuithamangitsanso.

Lachitatu nkhuku za nyumba yoyandikana nafe zinagwa zonse. Mpanda wathu ndi waudzu, ndipo zinkadyera limodzi. A Lorenso atabwera kuntchito anakaima pakhola nthawi yaitali. Anati chitopa sichifunsa mwini nkhuku, ndipo safuna kudzaiona itapindika khosi ikuzungulira pansi. Ndinati nanga mawu a Amayi aja. Anati kalata yopita ku Maseya ndi kubwera ingapeze titaikwirira kale. Anati imeneyi aipha okha, si ya ine.

Anaigwira, anailowetsa m'chitini. Kenaka anayesa mpeni ndi chala, anati wabuntha, akupita kukabwereka tupa kwa mnzawo. Mpeniwo ndinali nditaunola ndekha m'mawa womwewo. Ndinadikira. Nkhuku inali phee m'chitini, mutu uli pansi, diso likuphethira. Dzuwa linatsika mpaka pamwamba pa mpanda, iwo osabwera. Sindikanaisiya choncho, ndipo kuitulutsa kunali kudzaibwezanso mawa. Ndinadula.

Sindinaipereke kwa a Esinala. Ndinaiphika ndekha. A Lorenso anabwera opanda tupa, anasamba m'manja, tinakhala pamphasa. Mukudziwa mmene amaifunira nthutumba, mpaka tsiku lina kwanuko anafunsa ngati nkhuku za ku Maseya zimabadwa zopanda nthutumba, inu n'kuseka. Ndinawaikira pamwamba m'mbale yawo. Anadya nsima ndi msuzi wokha, nthutumba anaikankhira pambali. Ine ndinadya. Sindinamve kukoma kapena kuipa. Yotsala ndinapatsa ana a nyumba ina.

Ndakuuzani zonse kuti mumve kwa ine, osati kwa anthu. Mawu anu sitinawapeputse.

Tsopano pempho langa ndi ili. Thadzilo linali litayamba kuikira tambala asanaphedwe. Mazira ndinkawatola n'kuwasunga mumphika pamalo ozizira, osadziwa kuti ndikusungiranji. Alipo asanu ndi limodzi. Dzulo ndinakumana ndi a Pedro, aja a kwa Kasisi oyendetsa lole ya thonje, ndipo avomera kunyamula. Atsika mawa m'mawa, kalatayi ibwera ndi iwo. Mazirawo ndawapukuta ndi kansalu kouma, ndawaika m'gaga m'kachitini ka mkaka, ndakulunga ndi kambikiza ka Lily, kachovala kake kaja. Ndawapempha kuti akaike pampando osati kumbuyo, ndipo potsika mapiri a Thabwa ayende bwino. Anati anatsitsapo mayi woyembekezera pa msewu umenewo osagwedezeka, mazira si kanthu. Takhuta wanga, zikomo wa kwathu uja, ndawauza kale, koma inunso mukawathokoze.

Chonde, Amayi, akangofika muwaike pansi pa nkhuku yofungatira tsiku lomwelo. Kutentha kwa kwathuko sadikira. Ngati zanu palibe yomwe yakhalira, mukapemphe kwa azakhali a Helena. Muwalembe ndi khala kuti asasokonezeke ndi ena. Muwauze Ababa kuti si odya, ngakhale kubwere mlendo wotani. A Esinala akuti chitopa sichiyenda m'dzira, koma ine sindikudziwa. Ngati mukuopera nkhuku zanu, muike chisacho patali, kuseri kwa nkhokwe. Mukakana sindidzakwiya.

Akaswa, ngakhale mmodzi yekha, musamutumize kuno. Akhale konko, pabwalo lanu, kufupi ndi kumene mwini wake wagona. Za mbuzi ndi za sukulu zija zisiyeni. Muzingoti ndi nkhuku za Lily, kuti dzinalo lizimveka pakhomo.

Malo ophera aja akadalipo. A Esinala akuti chitopa chikatha ndigule anapiye ena, ntchito ndaidziwa. M'mawa uno ndapeza a Lorenso atazula chitini chija pamtengo, achiika pansi pa bedi. Sindinawafunse. Pamene ndimaika mazira m'gaga, asanapite kuntchito, anabwera n'kugwira kachitiniko kuti kasagwedezeke. Anafunsa ngati agogo ake a Lily adzavomera. Aka n'koyamba kumutchula.

Mundiperekere moni kwa Ababa, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a Helena, kwa alongo anga a Andrea ndi alamu anga. Achemwali a Dorika, zikomo powerenga. Mukapita ku Nchalo musaiwale kuponya yankho, mawu awiri okha akwana, kuti afika osasweka. Mvula ikayamba wina akaone ngati dothi la pamanda silinatitimire.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mwana wanu,
Clotilda, make Lily.

Ndamaliza kulemba Lachisanu, pa 20 Okutobala 1978, nthawi ya 5 koloko madzulo.