Pulinta Imene Ndagula Chifukwa cha Nkhope Yanu

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Chitawira tilipo. Achemwali anga a Chisomo ku Nkolokosa anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Watenga chipumi chanu, ndipo akamalira amachita ngati akutuma munthu. Mtengo wanu wa mapeyala wabereka mpaka nthambi kuthyoka, ndipo aneba amene munkawawerengera aja akudya mopanda mantha. Madzi pampopi akubwera akafuna okha.

Koma nkhani imene ndalembera ndi yakuti ndagula pulinta. Musaseke, imvani kaye.

Pali chinthu chimene simunachione, poti munali mutagona. Mapulogalamu a maliro anu ndinasindikiza ndekha, pa kapulinta ka inki kamene ndinkagwiritsa ntchito ku koleji kaja. Inu amene zaka zonsezi munkatayipa mapulogalamu a maliro a anthu a mumpingo osaphonya ndi chilembo chomwe, anu anatuluka ndi mizeremizere. Kumanda kunagwa mvula. Inki inasungunuka, nkhope yanu nkuyenderera m'manja mwa anthu, azimayi nkumapukutira zala zobiriwira m'zitenje. Abambo anayang'ana pepala lawo nthawi yaitali, nkulipinda, nkuliika m'thumba. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Kuchokera tsiku limenelo sanatchulepo dzina lanu m'nyumba muno, ndipo ine ndakhala ndikudziona ngati ndinakufufutani ndi manja angawa.

Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza chanu. Pafunikanso mapulogalamu, ndipo ndinalumbira kuti zija zisachitikenso.

Ndinayenda Loweruka katatu m'masitolo a ku Limbe. Ndaphunzira, Amayi, kuposa zimene ndinaphunzira ku koleji. Ya inki ija ikakhalitsa osagwira ntchito imauma kukamwa. Ya leza imagwiritsa ntchito ufa wakuda wotchedwa tona, ndipo imachita kuuwotchera papepala. Wogulitsa wina atandisindikizira tsamba loyesera, ndinatulutsa botolo la madzi nkuthira pomwepo, patebulo pake. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Zilembo sizinasunthe. Ndinatuluka panja kukapukuta m'maso, nkunamizira fumbi la maminibasi.

Ndinakumbukira mawu anu aja: "Iwe Thoko, chinthu usamayambe kuchifunsa mtengo, uzifunsa kuti wochikonza amakhala kuti." Ndiye yokongola ina, yoti tona wake nkuchita kuitanitsa kunja, ndinaisiya. Ndinatenga yonyansirapo, yonenepa ngati bokosi la nsapato za abusa, imene tona wake ali m'masitolo angapo, ndipo munthu woikonza ali kuseri kwa msika. Ndinafunsanso ngati imakumbukira zochita magetsi akazima nkuyakanso, poti kuno mukudziwa nokha. Yosindikiza mitundu sindinaifune. Ndinati chithunzi chanu cha yunifolomu ya amayi a mumpingo ndi choyera ndi chakuda kale, utoto ndi wa chiyani?

Ubwino wina ndi wakuti imalumikizika pa wayifayi ya m'nyumba. Munthu ali kuchipinda amangotumiza pa foni, pepala nkutulukira pabalaza, popanda chingwe. Ndinafunira achemwali, kuti akabwera ndi mndandanda wa oyankhula asamandivutitse. Abambo ndinawaonetsa mwamwambo chabe. Anangogwedeza mutu, maso ali pawindo.

Lamulungu m'mawa ndikusita malaya, pulinta ija inadzuka yokha. Ndinatsala pang'ono kupsa. Kunatuluka chithunzi chimene sindinachionepo: inu muli pakhonde, duku litapendekeka, mukuseka kukamwa konse, mpata wa dzino lija uli poyera. Mukanachiona mukanalanda foni. Kenako chitseko cha abambo chinatseguka. Anabwera pang'onopang'ono, nkutenga pepala lija likadali lofunda, nkuligwira ndi manja awiri. Pambali pake panali chithunzi chimene ndinasankha ine, cha yunifolomu chija, mutatseka pakamwa ngati mukuyembekezera kuti wina alakwitse nyimbo.

Anachiloza nkunena kuti uyo ndi wa mpingo. Kenako anakweza lawo lija, amvekere: "Mkazi wanga ndi uyu. Esinati ndi uyu."

Amayi, dzina lanu linamveka pabalaza. Ndinazimitsa simbi nkukhala pansi, pasimenti pomwepo. Abambo sanabwerere kuchipinda. Anakhala pampando wanu nkuyamba kundiuza chimene chinakuseketsani tsiku limenelo, ndipo kutchalitchi tinafika ulaliki uli pakati.

Tsono ndikudziwitseni msanga kuti musadzadabwe. Azakhali adzadandaula, amayi anzanu adzanong'onezana kuti taika chithunzi chopanda ulemu. Inunso ndikudziwa mwayamba kale kutsonya kumeneko. Koma patsamba loyamba padzakhala cha abambo. Cha yunifolomu chidzakhala kumbuyo, pamodzi ndi nyimbo, muziyang'anira oyimba.

Ndakusowani, Amayi, kuposa mmene pepala lingatengere. Abambo ndiwasamala, ndipo nthawi iliyonse akafuna kukutchulani, ndizisiya chimene ndikuchita nkukhala pansi. Limenelo ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Thoko