Buku la Tadala Limayambira Kumapeto

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, nkhungu sinachoke paphiri mpaka masana, koma ine mtima uli mbee.

Tadala walankhula m'kalasi! Mwana wa achimweneyu anabadwira ku Joni, ndipo chibwerereni kuno ku Bembeke pa Isitala wangokhala duu. Anzake amamuseka kuti sadziwa kusenza ndowa.

Lero ndinawerengera ana anga a Sitandade 2 buku la zithunzi limene ndinabwereka kwa asisitere. Kamtsikana kachoka kumudzi, kakwera ndege, kafika mumzinda wa nyumba zosanja, kakulira. Nditatseka, Tadala anakweza dzanja.

"Azakhali, mwaliyambira kolakwika."

Anaiwala kuti m'kalasi ndine Madamu, koma ndinamusiya. Analitenga n'kulitsegula chakumapeto, kumabwerera m'mbuyo. "Uyu ndine. Uku ndi ku Joni. Apa ndanyamuka. Apa ndafika kumudzi, ndikuopa mbuzi."

Kalasi lonse linaseka, iyenso anaseka. Chisomo, mmodzi wa omuseka aja, anafunsa kuti, "Ndiye kenako?" Masamba anali atatha.

"Sanajambule," anatero Tadala. "Mawa tijambula ife."

Titaweruka, Chisomo yemweyo anamupindira nkhata ya masamba a nthochi. Tadala wafika nayo ndowa kuchokera ku mjigo, madzi theka, diresi lonse lonyowa, mano ali gwegwede, koma sanalole kuti ndimutule.

Achimwene aimba foni kuchokera ku Joni. Akuti apeza nyumba yabwino, adzamutenga pa Khirisimasi. Ndayankha kuti chabwino. Chabwino chanji? Mwanayu wangoyamba kumene tsamba lake, ndiye ine ndikamuuze kuti...