Zinkhwe 212, Kapena 30

Lolemba, 3 Malichi
Tawerenga zinkhwe zikamabwerera pachilumba. Ine 212. Mnzanga Ador 209, maso ake akalamba. Chaka chimene ife awiri tinasiya kuba anapiye n'kuvala malaya a ulonda zinalipo 25 zokha. Ndafika kunyumba ndikuimba. Mkazi wanga Luding wandinunkhiza pakamwa, amayesa ndamwa. Mpunga ndi nsomba zouma.

Lachitatu, 5 Malichi
Ma'am Leizel wabwera, mtsikana wa kuyunivesite uja ankatola nthenga chaka chatha. Wakayeza nthengazo. Amanditchula Tatay, kutanthauza bambo. "Tatay Berting, zilipodi 212, koma tikaona magazi zili ngati 30." Ine kuseka. Iye osaseka.
Ador: "Ndiye zinazo ndi mizukwa, Ma'am? Nanga amandinyerera pachipewa ndani?"
Ma'am akuti zamphongo zachuluka, zazikazi n'zochepa. Zina zikadali zazing'ono, zina zilibe mphako. Zoikira mazira n'zomwezomwezo chaka ndi chaka. Mpaka apo ndamva. Koma mbalame yamoyo, yodya, yosokosera, osailowetsa m'chiwerengero?

Lamulungu, 9 Malichi
Pochokera ku Misa ndamufotokozera Luding. Iye: "Ngati a banja la Cardinez aja, anthu 60 koma mphuno imodzi." Mwina wamva kuposa ine. Bondo likupwetekanso.

Lachisanu, 14 Malichi
Ndakwera mtengo nambala 7. Mazira anayi, sabata yachisanu, onse ozizira. Nambala 11, mwanapiye mmodzi, miyendo yokhota. Ma'am wamugwira nthawi yaitali. Akuti zikukwatirana pachibale. Zonse 212 zinachokera kwa amayi atatu. Atatu!
Kenako funso: "Mu 1998 chinachitika n'chiyani?" Ador wayankha msanga kuti chilala. Ndi mmene timanenera nthawi zonse. Chilala, ndiponso kuti pachisa chilichonse tinkasiya mwanapiye mmodzi.
Ma'am wapukusa mutu. Akuti masamu ake akukana.

Loweruka, 22 Malichi
Chilala chinalipodi. Mpunga unapsa, mwana wathu Jomar anali wapamsana. Munthu wa ku Manila anabwera ndi makola. Sitinasiye mwanapiye ngakhale mmodzi. Amayi awo tinawakola pakhomo pa mphako. Tinasiya mitengo itatu, osati chifundo ayi. Munali njuchi.
Ador lero tikukonza ukonde: "Pare, mnzanga, ukangoyasamula, malaya awa atilanda tonse."
Nanga zaka zonsezi tawerenga chiyani? Ndimayesa tinabweza zimene tinaba. Chiwerengero chinakwera, a meya anatijambulitsa nacho. Ndiye tinabweza kapena ayi?

Lachiwiri, 25 Malichi
Mvula. Osapita kulikonse. Luding wandifunsa kawiri ngati ndikudwala.

Lachitatu, 2 Epulo
Ndamuuza Ma'am zoona za 1998. M'bwato, injini itazima. Ndimadikira kutukwanidwa. Iye watulutsa mapu. "Mitengo yake iti? Lozani." Ndaloza. Wawomba m'manja, maso kuwala. "Tsopano zagwirizana! Zikomo, Tatay."
Zikomo?
Kenako maso pamapu pokhapokha mpaka kugombe. Potsika sanandipatse dzanja ngati masiku onse. Kapena anangoiwala, manja anali ndi mapu. Sindikudziwa.

Loweruka, 5 Epulo
Ador wapita pachilumba m'mamawa osandiitana. Ayenera kuti wamva kuti ndinaulula. Zaka 40 bwato limodzi. Ndaima pagombe ndi chakudya cha awiri.

Lachinayi, 10 Epulo
Msonkhano wa alonda. Malaya sanatilande, nkhani ija sinatchulidwe n'komwe. Ma'am akuti mankhwala a vuto la zinkhwezi ndi magazi achilendo. Kuchilumba cha kumpoto kuli zinkhwe zina. Atenge anapiye asanu ndi mmodzi, aakazi ngati zingatheke, adzaikidwe m'zisa zathu. Chilolezo cha boma chilipo, chidindo ndi zonse.
Mitengo ya kumeneko ndi yaitali, yoterera. Anyamata onse kuyang'ana pansi. Ndiye Ador, osanditembenukira: "Tumani Berting. Kutulutsa mwanapiye osamuthyola phiko, amatha ndi ameneyo basi."
Kunyoza kapena kuyamikira, sindinamve.
Ndinalumbira pamaso pa Mayi Maria kuti dzanja ili silidzaikanso mwanapiye m'dengu. Ndamukumbutsa Luding. Iye waimirira. Walowa kuchipinda, wabwera ndi chingwe changa chakale chokwerera mitengo, wachiponya pamiyendo panga.
"Ona ngati makoswe sanadye."
Sanadye. Bwato linyamuka Lolemba.