Wondiimirira m'khoti ndi mmodzi, koma ndavomera awiri

Aphungu,

Ndikukulemberani pa nthawi imene ndimayenera kukhala ndikuvina. Ndine mtsikana wa zaka 26, ndipo posachedwapa ndimaliza zaka ziwiri zophunzira ntchito ya uloya pa kampani ina yaikulu ku Central, dera la maofesi akuluakulu mumzinda muno. Chatsala n'kukaonekera ku Khoti Lalikulu Loweruka lina m'mawa, kuti loya wamkulu akaimirire pamaso pa jaji, anene kuti ndine yani, n'kupempha kuti andilandire m'gulu la maloya. Monga mukudziwa, woimirirayo amakhala mmodzi basi. Ine ndavomera anthu awiri, ndipo onsewo anandichitira zabwino zoti sindingathe kubweza.

Woyamba ndiwatchula kuti Mayi Tsang. Bambo anga amayendetsa minibasi, zofiira pamwamba zija za pakati pa Tsuen Wan ndi Mong Kok. Ndili fomu 2, munthu wina woledzera anadumphira mumsewu, Bambo n'kumugunda mwendo. Apolisi anawatsegulira mlandu, ndipo laisensi ikanapita, kunyumba tikanagona ndi njala. Mnzawo wina anatilozera kaofesi ka uloya ka Mayi Tsang ku Sham Shui Po, pamwamba pa sitolo ya mankhwala azitsamba. Masitepe ake ndi opapatiza, amdima, ndipo fungo la mizu yowiritsa limakuperekeza mpaka pakhomo. Ine ndinapita nawo chifukwa mapepala ena anali m'Chingelezi, ndipo Chingelezi cha Bambo chimathera pa zikwangwani zamumsewu.

Tsiku limenelo ndinafunsa mafunso mpaka Bambo anandiponda phazi pansi pa tebulo. Mayi Tsang anavula magalasi n'kunena kuti, "Musiyeni, a dalaivala. Inu mwangokhala pamenepo ngati thumba la mpunga, mwanayu ndiye akumva mlandu." Mlanduwo tinawina. Potuluka m'khoti anandikoka khutu, amvekere, "Iwe kamtsikana ka minibasi, pakamwa pakopa usapathere pokangana ndi amako. Kaphunzire malamulo. Tsiku lodzakulandira m'khoti, wodzaimirira ndine, wamva?" Ndinayankha kuti, "Ndamva, a loya," ndikuyesa nthabwala.

Sizinali nthabwala. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkakwera masitepe aja, n'kumawerenga mabuku awo akale pakona, iwo akukalipira alandilodi pafoni. Nditalephera kupeza malo pa kosi yomaliza ya uloya, ndinakalira m'ofesi mwawo. Anandisiya ndilire mpaka kutopa, kenako ananditengera kumalo odyera a pafupi n'kundiitanitsira zipalapasiro. Anati, "Idya. Munthu salira ali ndi fupa m'kamwa." Chaka chotsatira ndinalowa. Nditawapempha kuti ndiphunzire ntchito kwa iwo, anakana. Anati, "Kuno ungophunzira za anthu okana kutuluka m'nyumba ndi mabanja otha. Pita ku Central ukaone zikuluzikulu, ukandiuze."

Wachiwiri ndi Bambo Kwok, mmodzi wa eni kampani, amene akundiphunzitsa ntchito. Tsiku la mafunso olowera pa kampaniyi, anzanga onse anali ophunzira kunja, Chingelezi chawo ngati cha pawailesi. Ine atandifunsa ntchito ya bambo anga, ndinanena zoona. Anaseka n'kunena kuti, "Minibasi yofiira? Ndiye kwanu simuopa kanthu." Ananditenga. Munthuyu ndi wovuta, Aphungu, cholembera chake chofiira sichikhululuka, ndipo ndalirapo m'chimbudzi chifukwa cha iye. Koma zonse zimene ndikudziwa za mapangano a makampani anandiphunzitsa ndi iyeyo. Ku misonkhano ya makasitomala amandikhazika patebulo, osati pampando wa kukhoma. Amayi anga atachitidwa opaleshoni pakati pa ntchito yaikulu, ndinkaopa kupempha tchuthi. Atamva kwa ena, anabwera padesiki panga n'kutseka kompyuta yanga ndi dzanja lake. Anati, "Mapangano safa. Pita kuchipatala."

Vuto linabwera pa phwando la kampani la Chaka Chatsopano. Holo yodzaza, matebulo ozungulira, nsomba itangofika kumene. Bambo Kwok anaimirira ndi tambula m'manja n'kundiloza. Anati, "Wophunzira wanga uyu akulandiridwa chaka chino, ndipo ndikamuimirira ndine. Papita zaka ndisanachitire aliyense zimenezi, mkanjo wanga wa kukhoti njenjete zayamba kuulawa!" Anthu anaseka n'kuwomba m'manja. Mnzanga amene ndinakhala naye anandinong'oneza kuti, "Wadya bwino iwe, ntchito ndi yako basi." Ndinaimirira, ndinagwira tambula ndi manja awiri, ndinaitsitsa pansi pa yawo posonyeza ulemu, n'kunena kuti, "Zikomo, bwana." Ndikanatani pamaso pa anthu onse aja?

Mnzangayo sananame. Mwa ife ophunzira si onse amene atsalire pa kampani. Mayina atuluka mwezi wamawa, ndipo mawu a Bambo Kwok ndi amene amalemera. Makolo anga akudikira ntchito imeneyi kuti Bambo achepetse maulendo, maso awo ayamba kuvuta.

Lamlungu lapitali ndinapita kwa Mayi Tsang ndi manachesi. Ndinawapeza ataima pakati pa masitepe, dzanja lili pabondo, akupuma. Titalowa, ndinaona mkanjo wawo wakuda uli pachitseko, mupepala la pulasitiki la kochapitsa zovala. Anati, "Ndauchapitsa kale, usadzanene kuti ndinakuchititsa manyazi. Mwana wanga wa ku Canada wakhala akulalata zaka zitatu kuti nditseke ofesi. Ndimamuuza kuti ndili ndi mlandu umodzi wotsala. Ndikangokuimirira iwe, ndibweza chiphaso, mawondowa akapume." Aphungu, sindinkadziwa kuti masitepe amenewo amawakwerera ine. Ndinasenda nachesi, koma ndinalisiya patebulo.

Ndimawathokoza onse awiri ndi mtima wanga wonse, ndipo sindikufuna kupweteka aliyense. Bambo anga sakudziwa za phwando lija. Atamva kuti ndikukayikakayika, akhoza kunditsitsa m'minibasi pakati pa msewu. Ndaganiza zopita kwa Mayi Tsang ndikawafotokozere zonse, andiuze okha chochita, poti ndi iwo amene akhala akundiunikira njira kuyambira kale. Kodi ndichite zimenezo?

Y.L.C., Tsuen Wan

Y.L.C. mwana wanga,

Yamba wapuma. Ambiri amene amandilembera amalira kuti alibe wowaimirira ngakhale mmodzi, iwe uli ndi awiri ochita kulimbirana. Kalata yako yandisangalatsa, chifukwa munthu wosayamika sakanasowa tulo ndi nkhani imeneyi, akanangotenga wamphamvuyo n'kutumizira winayo maluwa. Koma mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iwe waima pakati mvula ikubwera.

Ndikuuze mosapsatira: wokuimirira ndi Mayi Tsang. Anayamba kunena ndi iwo, unavomera, ndipo akhala akusunga mawuwo ndi mawondo awo. Bambo Kwok amalandira ophunzira atsopano chaka ndi chaka, mkanjo wawo sudzasowa wouvalira. Mayi Tsang ali ndi iwe wekha. Zimenezi ukuzidziwa kale, n'chifukwa chake nachesi lija unalisiya osadya.

Za paphwando paja sindikukudzudzula. Kukana bwana ataimirira ndi tambula pamaso pa kampani yonse kukanakhala kumuvula pagulu, ndipo unachita bwino kuthokoza. Cholakwa chili pa kukhala chete kuyambira tsiku limenelo. Ndikuona zimene mtima wako ukunong'oneza, kuti udikire kaye mayina atuluke. Usayerekeze. Ukadzanena ntchito ili kale m'thumba, adzaona kuti unadya n'kupukuta pakamwa, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka chokwiyira. Pita sabata ino, mayina asanatuluke.

Usatumize uthenga pafoni, ndipo usadzere kwa sekilitale wawo, chifukwa nkhani yodzera pamenepo imafika m'khitchini ya ofesi isanafike kwa mwini wake. Pempha kuonana nawo pa awiri, chitseko chotseka. Yamba ndi kuthokoza, ndipo utchule zinthu zenizeni: mpando wa patebulo uja, ndi tsiku limene anatseka kompyuta yako. Kenako uwauze nkhani yonse monga wandiuzira ine, kuyambira pa minibasi mpaka pa mkanjo wa pachitseko. Usachotse kanthu pofuna kuoneka wapamwamba. Munthu amene anakutenga atamva za minibasi yofiira sangadabwe ndi masitepe a ku Sham Shui Po. Uwauze kuti unalonjeza uli mwana, ndipo kuti paphwando paja ulemu umene anakupatsa unakutseka pakamwa. Upepese chifukwa chochedwa kunena, osati chifukwa cha lonjezolo.

Pali chinthu chimodzi chimene achinyamata mumachiphonya. Bambo Kwok analengeza pagulu, choncho nkhawa yawo yaikulu si khoti ayi, koma anthu amene anawomba m'manja aja. Usauze aliyense mu ofesi, ngakhale mnzako wonong'oneza uja. Uwafunse iwo eni kuti nkhaniyi ituluke bwanji, ndipo uwasiyire kuti aitulutse okha. Munthu wamkulu akanena yekha kuti wapatukira loya wachikulire amene akupita kopuma, anthu amamupatsa ulemu woposa wa poyamba.

Ukatero uwapatse malo awo pa tsikulo. Uwapemphe kuti adzabwere kukhoti, adzakhale pa chithunzi cha banja kunja kuja, maluwa ali m'manja mwako. Pa chakudya chamasana udzawakhazike pafupi ndi Mayi Tsang, udzawathirire tiyi onse awiri ndi manja awiri, kuyambira wamkulu, ndipo mpeni wodulira nkhumba yowotcha udzaupereke kwa Bambo Kwok. Awiriwa ali ndi zambiri zoti akambirane. Wina anakoka khutu, wina anagwira cholembera chofiira, ndipo onse akudziwa kuuma kwa mutu wako.

Kodi angakwiye n'kukusiya pa mayina aja? N'zotheka, sindikunamiza. Ndaonapo akuluakulu ena okhala m'maofesi a m'mwamba amene sakhululuka zoterezi. Zikatero zidzapweteka, ndipo bambo ako adzayendetsabe minibasi kwa kanthawi pamene iwe ukugogoda pa makomo ena. Koma uloya wako palibe adzakulande, ndipo maofesi a maloya mumzinda muno ndi ambiri, pamene tsiku lolandiridwa ndi limodzi pa moyo wa munthu. Komanso ndikukayika ngati bwana amene anakuthamangitsira kuchipatala angakutaye chifukwa chosunga mawu. Zaka ziwiri zonsezi akhala akukuphunzitsa kuti pangano loyamba silifafanizidwa ndi lachiwiri. Ukawasonyeze kuti unamva.

Tsopano chenjezo langa, ndipo limeneli ulimve bwino. Kwa Mayi Tsang usapite kukafunsa nzeru. Ukudziwa kale zimene akanene. Akakuseka, akakutcha chitsiru, akakuuza kuti upite ndi bwana wako chifukwa ntchito saseweretsa, ndipo akakusendera nachesi kuti usalire. Ukamatsika masitepe mtima utapepuka, iwo adzachotsa mkanjo uja pachitseko n'kuubwezera m'kabati, ndipo sadzaunenanso. Si nzeru zimene ukukafuna kumeneko, mwana wanga. Ukufuna akumasule okha kuti mlandu usakhale wako. Mayi amenewa akusenzera katundu kuyambira uli fomu 2, uyu yekha senza wekha.

Ukadzakweranso masitepe aja, upite ndi tsiku ndi ola la kukhoti basi. Ndipo uwauze bambo ako kuti Loweruka limenelo minibasi isadzanyamule wina aliyense, ikaime pansi pa masitepe a Mayi Tsang, iwatengere kukhoti.

Aphungu