Mchira wa Khoswe Padzanja Langa

Lolemba, 5 Meyi
Makoswe 24 mu labu. Onse tinawabaya choyera cha dzira masabata awiri apitawo kuti matupi awo adane nacho. Lero theka layamba kulandira mankhwala atsopano, theka madzi chabe. Funso la Bwana ndi limodzi: kodi mankhwalawa aletsa maselo kutulutsa histamini, uja amatupitsa ndi kuyabwitsa thupi? Ndayetsemula kasanu. Fumbi la utuchi wa m'makola, mwina.

Lachitatu, 7 Meyi
Si utuchi. Khoswe nambala 9 anakulunga mchira padzanja langa, pomwe golovesi imathera. Mphindi khumi, mzere wofiira, wotupa. Zaka zisanu ndikuwagwira, lero thupi lati toto. Lamulo ndikulidziwa: thupi likadana ndi makoswe, m'chipinda chawo sulowanso. Amene ndinamulowa m'malo anachoka choncho. Pano akugulitsa nsapato pamsika.

Lachiwiri, 13 Meyi
Malaya a manja aatali, kubisa zotupa. Piritsi loletsa kuyetsemula m'mawa, kusinza tsiku lonse. Madala otsuka makola anandiyang'ana m'maso: "Achemwali, chimfine chanuchi n'chaulemu, chimapuma Loweruka ndi Lamlungu." Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Lachisanu, 16 Meyi
Tatenga maselo m'mimba mwa makoswe, machubu pa ayezi, kuyeza mpaka masana. A mankhwala atulutsa histamini wochepa ndi theka. Bwana mano onse pamtunda: "Dzina lanu likhala pa lipoti. Tibwereza ndi makoswe 60." Dzina langa silinakhalepo pa lipoti. Miyezi itatu ina, ndipirira basi.

Lolemba, 26 Meyi
Chafika pachifuwa. Mpweya kulira ngati wenzulo. Ndinasiya khola lotsekula, kukakhala pansi pakhonde. Madala anatseka kholalo, nandibweretsera madzi. Ndikuopa, ndisaname.

Lachiwiri, 27 Meyi
Bwana anandiitana. Ine kuyesa ndi za makoswe atsopano. Patebulo fomu yopita nayo kwa dokotala, dzina langa lolembedwa kale. Ndi Madala anakanena, ndipo sanabise: "Ntchito mudzapeza ina, achemwali. Mapapo sagulitsa pamsika." Makiyi a chipinda ndapereka.

Lolemba, 9 Juni
Andiika kutsuka machubu mpaka mwezi uthe, kenako sindikudziwa. Makoswe 60 aja afika, akuwagwira wina. Madala akundipatsabe moni m'mawa uliwonse, ine kungodutsa.

Masitepe onse ndakwera osaima. Ndikupuma bwinobwino, ndipo zikundinyansa.