Ketulo ya Mano Awiri

Area 10, Lilongwe
Lamulungu, 16 Juni

Okondedwa achimwene a Benedicto,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi amayi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno kwazizira kwambiri, koma thupi langa lili bwino. Lachinayi pafoni munandifunsa chifukwa chake mawu anga anali otsika, ndipo ndinakunamizani kuti ndi chimfine. Ndalemba chifukwa pakamwa zinandikanika.

Efelo anamwalira. Ndi mnzanga wa ku Mitundu uja ndinkakuuzani, amene tinkagwira naye ntchito panyumba pano, ine kukhitchini, iye kochapa ndi kusita. Tinamuika m'manda masabata awiri apitawo. Wasiya mwana wa zaka zitatu.

Mu Febuluwale adona anabwera kuchokera kunja ndi simbi yamagetsi. Pulagi yake inali ya mano awiri obulungira, pomwe masoketi athu ali ndi mabowo atatu, ndipo awiri am'munsi satseguka mpaka dzino lachitatu litalowa pamwamba. Adaputa imene inalipo abwana anali atapita nayo ku ofesi. Efelo anabwera kukhitchini kudzandifunsa chochita, poti mayunifolomu a ana ankadikira. Ine ndinatenga kamtengo ka machesi, ndinakankha m'bowo lapamwamba, pulagi n'kulowa. Anaseka, nati ndine wa m'tauni weniweni. Kuyambira tsikulo ankachita choncho.

Tsiku la ngoziyo linali Lachiwiri, cha m'ma teni m'mawa. Anali atangokolopa, simenti idakali yonyowa, patapata atavula pakhomo monga mwa masiku onse. Ine ndinkasenda mbatata pamene ndinamva chinthu chitagwa. Sanakuwe. Ndinamupeza ali pansi, simbi idakali m'manja. A Gladson, alonda a masana, ndiwo anandikoka kuti ndisamukhudze, nathamanga kukazimitsa magetsi a nyumba yonse. Kuchipatala tinafika naye atatisiya kale.

M'mawa mwake kunabwera a Daudi, okonza magetsi amene ali ndi kashopu ku Area 2. Atamasula simbiyo anapeza kuti waya wina unamasuka m'kati n'kumakhudza chitsulo. Anandionetsa tizitsulo tiwiri ta m'mbali mwa pulagi. Anati kumene pulagiyo inachokera, tizitsulo timeneto ndi timene timatayira magetsi pansi chinthu chikalakwika, ntchito imene kwathu kuno imagwiridwa ndi dzino lachitatu. Ukaikakamiza m'soketi yathu, tizitsuloto sitikhudza kanthu, ndiye magetsi amangodikira munthu. Ndinawafunsa ngati adaputa ikanamupulumutsa. Anati yabwino, yokhala ndi fyuzi komanso yogwira tizitsulo ta m'mbalito, ikanadula magetsi msanga, koma osati tija topepuka togulitsidwa m'mbali mwa msewu. Anafunsa amene anayambitsa za machesizo. Ine ndinangoyang'ana pansi, iwo sanafunsenso.

Tsopano ntchito yosita apatsa ine. Abwana anasinthitsa mapulagi onse, ndipo palibe amene wandinena. Koma masana ndikatsala ndekha m'nyumba, ndimamva ngati wina akung'ung'udza nyimbo ya kwaya kochapirako, monga ankachitira Efelo. Ndikapita, ndimapeza mpopi wokha ukudontha. Lachitatu ndinasuntha tebulo lositira kuti ndisese, ndipo kuseri kwake ndinapeza timitengo ta machesi tambirimbiri, pamene Efelo ankatitaya akalowetsa pulagi. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka ana atabwera kuchokera kusukulu.

Achimwene, pempho langa ndi limodzi. Pa Isitala ndinakubweretserani ketulo imene adona anandipatsa, pokondwera kuti magetsi afika kunyumba kwanu. Ndi yachitsulo, ndipo pulagi yake ndi yofanana ndi ya simbi ija. Ndinawaphunzitsa alamu a Naphiri za machesi zomwezi, mwana wanu Thoko akuonerera. Mukangowerenga kalatayi, chonde ketuloyo muichotse kumagetsi, muiike pamwamba pa kabati. Musadikire kuti madzi awire kaye.

A Fiskani, amene akupatsani kalatayi, ndawapatsanso kaphukusi. M'menemo muli pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi. Mupite nayo pamodzi ndi ketuloyo kwa munthu wodziwadi magetsi, adule yakaleyo n'kumangapo imeneyi, ndipo mumuuze kuti alumikize mawaya onse atatu. Mulinso adaputa ya tchaja cha foni, yomwe a Daudi anandisankhira okha. Anati pulagi izilowa mothina, isamagwedere, ndipo ikayamba kutentha, kununkha kapena kuthetheka, muzimitse pakhoma ndi kuichotsa. M'soketi musalowe machesi, msomali kapena kiyi, ngakhale tiyi atachedwa bwanji. Thoko mumuuze kuti azakhali ake analakwitsa.

Lachisanu amayi ake a Efelo anabwera kudzatenga katundu wake. Anali chikwama chimodzi, zitenje zitatu ndi buku la nyimbo. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera minibasi. Kumeneko anandigwira manja onse awiri n'kundithokoza. Anati mwana wawo akapita kumudzi ankangokamba za ine, kuti zonse za m'tauni ndinamuphunzitsa ndine. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi zikomo basi. Minibasi inanyamuka akundibayibitsa. Inu ndinu oyamba kumva zimene ndinalephera kuwauza.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi muwauze pang'onopang'ono. Moni kwa alamu, kwa Thoko ndi ang'ono ake, kwa amalume ndi azakhali akutsidya. Mukapita kutchalitchi mutchule dzina la Efelo, ndipo pambuyo pake mutchulenso langa.

Ndine mlongo wanu,
Immaculata