Chinjoka Chayamba Kulongolola

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira sukulu ikuyenda bwino kumeneko. Kuno tonse tilipo.

Katuni ija tinkalimbirana nayo rimoti, ya mtsikana wosula mphezi ndi chinjoka chake, yatuluka yachiwiri. Ndaionera yonse, ndipo usanditsutse: yoyamba ija ndiye inali katuni. Muja mtsikanayo ankapsa zala, kulephera, kulira, n'kuyambiranso. Chinjoka sichinkayankhula, koma chikangogwetsa makutu iwe unkabisa nkhope m'pilo. M'yachiwiriyi zithunzi n'zowala ndithu, koma mtsikana uja ndi mfumukazi tsopano, akangotambasula dzanja adani onse psiti! Chinjoka nacho chikulongolola ngati wailesi. Mtima sugunda, chifukwa ukudziwiratu kuti palibe amene afe.

Azakhali ako amandiseka. Dzana anati, "Bambo, ndevu zonsezi mukukangana ndi TV?" Ndinati, "Nanga ndikangane ndi yani, poti mnzanga munamutumiza kutali?"

Usadabwe kuti nthawi ndikuipeza kuti. Ku galaja ndayamba ndapumira. Adokotala akuti ndizikhala pansi mpaka zotsatira zina zituluke. Si nkhani yosiyira maphunziro ayi.

Ionere, undilembere maganizo ako. Koma ulendo uno usachedwe kuyankha.

Ndine,
Malume ako